Munda Susamuka: Kufufuza Makolo a ku England Kudzera m'Zikalata za Malo

Apongozi anga aakazi akhala akunena kuyambira kale kuti agogo awo anali ndi famu ku Northamptonshire. Amanena motsimikiza ngati kuti ng'ombe zake anakamako okha. Ine nkhaniyi sinkailabadira mpaka tsiku limene mwana wathu wachisamba anabwera ndi ntchito ya kusukulu yoti alembe mzere wa makolo ake. Mbali ya kwathu inatha ndi foni imodzi: azakhali anga ku Dedza anatchula mibadwo isanu osapumira, n'kuwonjezapo ndi dimba limene aliyense ankalima. Mbali ya amayi ake, omwe ndi Mngerezi, inathera pa agogo a agogo, ndipo famu ija panalibe wodziwa pomwe inali.

M'mabuku a ubatizo ndi a maliro mumapezeka mayina, koma mudzi umodzi ukakhala ndi amuna atatu a dzina lofanana, mabukuwo sakuuzani kuti wanu ndi uti. Chimene chimawasiyanitsa ndi malo. Ndipo zikalata za malo ku England anazisanja potsata malo, osati potsata mayina a anthu. Njira yake ndiye ndi iyi: pezani kamunda kapena nyumba imodzi, muigwiritsitse, muzibwerera nayo m'mbuyo chaka ndi chaka n'kumaona amene akulowamo ndi amene akutulukamo.

Choyamba, pezani parishi

Musanatsegule chikalata chilichonse cha malo, khalani ndi dzina la parishi ndi chaka. Kalembera wa 1841 ndi woyamba kulemba mayina a anthu onse, ndipo kuyambira wa 1851 ankalembanso parishi imene munthu anabadwira. Boma linayamba kulemba za kubadwa, ukwati ndi imfa pa 1 July 1837, ndipo mndandanda wake mungaufufuze mwaulere pa FreeBMD. Lembaninso county, chigawo chofanana ndi boma kwathu, imene parishiyo inali nthawi imeneyo, chifukwa malire ambiri anasinthidwa mu 1974, pamene zikalata zambiri zimasungidwa ku record office, nyumba yosungira zikalata zakale, ya county yakale.

Chachiwiri, dziwani kuti kukhala pa malo si kukhala mwini wake

Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi msanga. Amafufuza dzina pakati pa eni malo, osalipeza, n'kunena kuti makolo awo mulibemo. Angerezi ambiri akale analibe malo awoawo. Ankalima ndi kugona pa malo a wina. Komabe zikalata zambiri zili ndi madanga awiri, la owner ndi la occupier, ndiye kuti mwini malo ndi wokhalapo. Maso anu azithamangira danga lachiwirilo.

Pali mawu atatu oti muwaloweze. Freehold ndi malo amene munthu anali nawo ngati akeake, oti angagulitse kapena kusiyira ana. Leasehold ndi malo a lendi ya zaka zowerengeka. Copyhold ndi malo a mu manor, dera la mwini mmodzi lokhala ndi bwalo lake la milandu, amene umboni wake unali kope la zimene zinalembedwa m'buku la bwalo la manor imeneyo. Mtundu uliwonse unasiya mapepala akeake, ndipo amasungidwa kosiyana.

Chachitatu, yambirani chakuno

Ngati banjalo linali pamalopo m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, yambani ndi kawuniwuni wa malo wa 1910 mpaka 1915, amene anachitika chifukwa cha msonkho umene David Lloyd George anabweretsa ali nduna ya zachuma. Famu iliyonse, nyumba iliyonse ndi sitolo iliyonse zinapatsidwa nambala. Nambalayo muipeza pa mapu, kenaka mupite nayo ku field book, mabuku amene ali ku The National Archives ku Kew pansi pa chizindikiro cha IR 58. Mmenemo muli mwini, wokhalamo, lendi yake, ndipo nthawi zambiri amafotokozanso zipinda, denga ndi makola. Opanda nambala musapiteko. Mabukuwo ndi ambirimbiri ndipo mulibe mndandanda wa mayina.

Kwa alimi a nthawi ya nkhondo yachiwiri kuli National Farm Survey ya 1941 mpaka 1943, yomwenso ili ku Kew pansi pa MAF 32, yokhudza mafamu a maekala asanu kapena kuposerapo. Oyendera ankapereka A, B kapena C malinga ndi mmene mlimi ankasamalira famu, ndipo wopatsidwa B kapena C nthawi zina amamulembera ndi zofooka zake zomwe. Walira mvula walira matope: mwina mudzawerenga kuti agogo anali aulesi.

Kuli bukunso lina, Return of Owners of Land ya 1873, lotchula aliyense wokhala ndi ekala imodzi kapena kuposa, kupatula mzinda wa London. N'kosavuta kufufuza chifukwa mayina ali motsatira alifabeti mu county iliyonse. Agogo a famu aja munalibemo, ndipo kukayika kwanga kunayambira pamenepo.

Chachinayi, mapu a chakhumi

Apa ndiye pamtima pa ntchito yonse. Kwa zaka mazanamazana mlimi wa ku England ankapereka chakhumi cha zokolola zake kwa wansembe wa parishi kapena kwa amene anagula ufulu wotolera: mtolo wakhumi wa tirigu, mwana wa nkhosa wakhumi, ngakhale mazira. Mikangano inali yosatha. Lamulo la 1836, Tithe Commutation Act, linasintha chakhumi kukhala ndalama, yowerengedwa potsata mitengo ya tirigu, balere ndi oats ya zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Kuti adziwe kuti aliyense azipereka zingati, anayeza minda, n'kujambula mapu, n'kulemba buku lotchedwa apportionment. Ntchito yambiri inachitika kumapeto kwa zaka za m'ma 1830 ndi m'zaka za m'ma 1840, nthawi yofanana ndi kalembera wa 1841, ndipo ziwirizi mukaziyika pamodzi zimathandizana kwambiri: kalembera akukuuzani a m'nyumbamo, mapu akukuonetsani nyumbayo.

Anapanga makope atatu. Limodzi linapita kwa akuluakulu a ntchitoyi ndipo lero lili ku Kew, mabuku ndi IR 29, mapu ndi IR 30. Lina linapita ku dayosizi, lina linatsala m'bokosi la parishi, ndipo awiriwa tsopano amapezeka kawirikawiri ku record office. Pa intaneti, TheGenealogist ili ndi makope a ku Kew koma ndi yolipira, pamene ma county ena, monga Cheshire, anaika awo mwaulere.

Kawerengedwe kake ndi aka. Fufuzani dzina m'danga la occupier. Pambali pake pali nambala ya munda, dzina la mundawo, ntchito yake, kukula kwake ndi ndalama. Arable ndi munda wolima, meadow ndi wa udzu womweta, pasture ndi wodyetsera ziweto. Kukula kumalembedwa m'madanga atatu, A, R ndi P. A ndi ekala yomwe tikuidziwa kale. R ndi rood, ndipo ma rood anayi amapanga ekala imodzi. P ndi perch, 40 pa rood iliyonse, 160 pa ekala. Ndalama zili m'mapaundi, mashilingi ndi mapeni: mapeni 12 pa shilingi, mashilingi 20 pa paundi. Achikulire a kwathu amene anagulapo mchere kwacha isanabwere mu 1971 sangavutike nazo.

Lembani nambala zonse za munthu wanu, muzipeze pa mapu, ndipo musaiwale mayina a oyandikana naye. Mkazi wa mnyamata wa pa munda nambala 212 nthawi zambiri amachokera pa 213 kapena 220. Lembaninso dzina la mwini malo, chifukwa ndi limene lidzakutsegulireni khomo lotsatira. Mabanja olemera ankasunga mabuku a lendi, ndipo ambiri anawapereka ku record office. M'mabuku amenewo tenanti amaoneka kawiri pa chaka, pa Lady Day, 25 March, ndi pa Michaelmas, 29 September, akulipira kapena akupempha kuti amudikire.

Ku Devon, kumene apongozi aamuna amachokera, zinayenda ngati madzi, poti kumeneko pafupifupi parishi iliyonse ili ndi mapu ake. Ndinapeza kholo lawo likukhala pa kanyumba ndi kamunda ka maapozi kosakwana ekala. Kenaka ndinatsegula mapu akale a Ordnance Survey amene National Library of Scotland inaika pa intaneti mwaulere, omwe amaonetsa England yemwe, n'kuwayika pambali pa chithunzi cha lero cha m'mlengalenga. Mpanda wa zitsamba wozungulira kamundako ukadali pomwepo, wopindika chimodzimodzi.

Chachisanu, mapu akasowa musataye mtima

Ku Northamptonshire ndinataya masabata atatu ndikufunafuna mapu amene sanajambulidwepo. Ndinkaganiza kuti ndikulakwitsa kalembedwe ka dzina la mudzi. Pomaliza ndinalembera wosunga zikalata wina, ndipo anandiyankha ndi mizere iwiri yokha: parishiyo inathana ndi chakhumi kale pa nthawi ya enclosure, choncho mu 1836 panalibe choyeza. Mapu a chakhumi amakhudza pafupifupi magawo atatu mwa anayi a England ndi Wales, ndipo chigawo chapakati, monga Northamptonshire ndi Leicestershire, ndiye chili ndi mipata yambiri.

Enclosure inali kugawanso malo a mudzi. Kale minda inali ikuluikulu yopanda mipanda, mlimi aliyense ali ndi timizere take tobalalika uku ndi uku, kuphatikiza dambo la onse lodyetsera ziweto. Mudzi wa Laxton ku Nottinghamshire ukulimabe chotero mpaka lero. Kwina konse, makamaka pakati pa 1750 ndi 1850, Nyumba ya Malamulo inkapereka chilolezo parishi ndi parishi kuti timizere tiphatikizidwe, aliyense alandire chigawo chimodzi n'kuchimangira mpanda. Chikalata chomaliza chimatchedwa enclosure award. Chimatchula amene analandira, kukula kwa gawo lake, malire ake kumpoto, kummwera, kummawa ndi kumadzulo, ndiponso ngati ndi freehold kapena copyhold. Wosauka amene ankangodyetsa ng'ombe imodzi pa dambo popanda pepala nthawi zambiri sanalandire kanthu, ndipo dzina lake simulipeza. Kusowa kwake nakonso ndi uthenga: zikatero muyang'ane m'mabuku a oyang'anira osauka a parishiyo, kapena m'tauni yapafupi kumene anthu otere ankathawira.

Chachisanu ndi chimodzi, msonkho wa malo chaka ndi chaka

Land Tax inayamba mu 1692, koma mapepala ake ochuluka ndi a 1780 mpaka 1832, chifukwa m'zaka zimenezo ankagwiritsidwa ntchito potsimikizira oyenera kuvota, ndiye ankasungidwa ndi mlembi wa bwalo la Quarter Sessions. Kope la dziko lonse la chaka cha 1798 lili ku Kew, IR 23, ndipo limapezekanso pa Ancestry.

Pepala la chaka chimodzi silinena zambiri: mwini, wokhalapo, ndalama, basi. Mphamvu yake ili pa kuwandandalika. Jambulani tebulo, zaka zitsike m'munsi, ndipo mutsate ndalama osati dzina, poti ndalama ya malo amodzi siinkasinthasintha. Mudzaona dzina la bambo kwa zaka khumi, kenaka mawu akuti Widow patsogolo pa dzina lomwelo, kenaka dzina la mwana. Apo mwapeza chaka cha imfa ndi cholowa, ngakhale buku la maliro litatayika. Mawu akuti late amatanthauza malo amene kale anali a uje. Chenjerani pang'ono: otolera ena ankangokopera mndandanda wa chaka chatha, moti wakufa ankatha kulipira msonkho zaka zingapo ali m'manda. Komanso aganyu okhala m'tinyumba ta pafamu kawirikawiri sankatchulidwa.

Kumbuyo kwake kuli Hearth Tax ya 1662 mpaka 1689, mashilingi awiri pa chaka pa malo alionse osonkhapo moto m'nyumba. Imeneyi imakuuzani ngati dzina la banjalo linalipo kale m'mudzimo, ndiponso kukula kwa nyumba.

Chachisanu ndi chiwiri, bwalo la manor

Mukaona mawu akuti copyhold paliponse, sangalalani. Wakwathu amene anakhalapo pa bwalo la nyakwawa pa nkhani ya munda wa malemu sadzaona chachilendo kwenikweni apa, kungoti uku zonse zinkalembedwa. Bwalo linkatsogozedwa ndi steward, woimira mwini manor, ndipo panali gulu la matenanti olumbira otchedwa homage. Ntchito yawo ina inali kunena amene wamwalira chichitikireni bwalo lapita, malo amene anali nawo, ndi woyenera kulowa. Zimalembedwa poyera: uje wamwalira, uje ndi mwana wake ndi wolowa m'malo, nthawi zina ndi zaka zake zomwe. Mwini manor ankatenga heriot, yomwe m'madera ambiri inali chiweto chabwino koposa cha malemu. Wolowayo ankalipira ndalama yolowera, m'mabwalo ambiri n'kugwira ndodo imene steward wamutambasulira, ndipo ankapatsidwa kope lake. Kugulitsa kunkayendanso momwemo: wogulitsa abweze malo kwa mwini manor, komwe ndi surrender, wogula alandiridwe, komwe ndi admission. Kawirikawiri mlembi ankatchula tsiku limene wogulitsayo analandiridwa, ndiye mumangodumpha kuchoka pa tsiku lina kupita pa lina, kubwerera m'mbuyo ngati mukutsika makwerero. Copyhold inathetsedwa pa 1 January 1926, choncho mabuku ena amafika m'nthawi ya agogo a anthu amene ali moyo lero.

Kuti mudziwe kumene mabukuwa ali, gwiritsani ntchito Manorial Documents Register pa Discovery, tsamba lofufuzira la The National Archives. Lembani dzina la parishi, ikupatsani ma manor ake. Parishi imodzi ikhoza kukhala ndi ma manor angapo, ndipo mabuku a manor ya ku Devon akhoza kupezeka mbali ina ya dziko kumene mwini wake ankakhala.

Musaganize kuti wolowa ndi woyamba kubadwa nthawi zonse. Ma manor ena ankatsata mwambo wa Borough English, wopatsa malo mwana wamwamuna wotsiriza, ndipo ku Kent kunali gavelkind, kugawana mofanana pakati pa ana aamuna. Mkazi wamasiye m'madera ambiri ankakhalabe pamalopo mwa ufulu wotchedwa freebench. Mkazi wokwatiwa ndiye saonekaoneka, poti lamulo la 1882 lisanabwere chuma chake chinkayendetsedwa ndi mwamuna, koma malo ake akamagulitsidwa steward ankamufunsa payekha ngati akuvomera mosakakamizidwa, ndipo mzere umenewo umakupatsani dzina lake.

Chaka cha 1733 chisanafike, mabukuwa ali m'Chilatini, kupatula zaka za m'ma 1650. Musaope. Mawu ake amangobwerezabwereza: obiit, anamwalira, filius, mwana wamwamuna, filia, wamkazi, uxor, mkazi wa uje, vidua, wamasiye, heres, wolowa. Yambani ndi buku la Chingerezi la pambuyo pa 1733, muzolowere kayalidwe kake, kenaka mubwerere m'mbuyo.

Chachisanu ndi chitatu, zikalata zogulitsirana ndi mawilu

Pa freehold palibe buku limodzi la dziko lonse. Land Registry, ofesi ya boma yolembetsera malo, inakhazikitsidwa mu 1862, koma kulembetsa kunakhala kokakamiza m'dziko lonse mu 1990. Amwayi ndi a ku Yorkshire ndi Middlesex, kumene kunali maofesi olembetsera zikalata: West Riding kuyambira 1704, East Riding 1708, Middlesex 1709, North Riding 1736. Kwina muzifufuza pa Discovery polemba dzina la banja pamodzi ndi la parishi, kapena dzina la munda limene munalipeza m'buku la chakhumi.

Zikalata zina zimanyenga. Mukaona lendi ya chaka chimodzi yolipira kambewu kamodzi ka tsabola, fufuzani chinzake cha tsiku lotsatira. Ziwirizo pamodzi ndi lease and release, ndipo n'kugulitsa kwenikweni. Final concord imaoneka ngati mlandu, koma unali mlandu wongopeka wosamutsira malo, ndipo njirayi inathetsedwa mu 1833. Kumadzulo, ku Devon, Cornwall ndi Somerset, mudzakumana ndi lendi ya miyoyo itatu: imatha akamwalira anthu atatu otchulidwamo. Munthu wanzeru ankatchula ana ake aang'ono, nthawi zambiri ndi zaka zawo, ndipo mmodzi akamwalira ankalipira kuti awonjezere wina. Pa mbali ya apongozi aamuna, chikalata chimodzi chotere chinandisiyanitsira amuna awiri a dzina limodzi amene ndinawasokoneza kwa miyezi.

Mawilu a chaka cha 1858 chisanafike ankatsimikizidwa ndi mabwalo a mpingo. A bwalo lalikulu la Canterbury ali ku Kew, PROB 11, ena ali ku record office. Mwana wamkulu akasowa mu wilu kapena akapatsidwa shilingi imodzi, musafulumire kunena kuti anayambana ndi bambo ake. Mwina malo anali atamugwera kale mwa mwambo.

Za masiku, ndi za ulendo

Kufikira 1751 chaka cha ku England chinkayamba pa 25 March, kotero chikalata cha February 1720 ndi cha 1721 m'kawerengedwe kathu. Zikalata zambiri zimawerenganso zaka za ufumu: chaka chachisanu cha George III ndi kuyambira 25 October 1764 mpaka 24 October 1765.

Ngati muli kutali, lemberani record office, mutchule parishi, zaka ndi nambala ya chikalata. Ambiri amajambula n'kutumiza mukalipira. Ngati mukupita nokha ku Kew, tengani ziphaso ziwiri, china chosonyeza dzina china adiresi, kuti akupatseni khadi lowerengera, lomwe ndi laulere. Cholembera cha inki saloleza, tengani pensulo. Jambulani tsamba lonse ndi chikuto chomwe, osati mzere wanu wokha.

Famu ya ku Northamptonshire ndinaipeza ndithu, mu field book ya 1910. Inali yaikulu, ya mwini wina wokhala kutali, ndipo tenanti wake analinso munthu wina. Agogo aja anali pa nambala yotsatira, kanyumba ka zipinda zinayi ka pafamu pomwepo, ndipo kalembera wa 1911 akuti ankasamalira mahatchi. Nditawaonetsa apongozi chithunzi cha tsambalo, anavala magalasi, n'kuwerenga kawiri, kenaka anati mahatchiwo ankawakumbukira kuti amayi awo ankawatchula mayina. Anandipempha kuti ndiwasindikizire kope lalikulu, la mapu omwe.